Mtima Sukhala Wopanda Mwini

Chaka ndi chaka, ana a Sitandade 3 akafika pophunzira manambala a mazanamazana, ndimalemba pabolodi manambala atatu: 1, 5 ndi 9. Ndikatero ndimaitana ana mmodzimmodzi kuti awasanje monga afunira ndi kuwerenga chimene alemba. Wina amalemba 159, wina 591, ndipo sipalephera kupezeka wochenjera amene amalemba 951 nanena kuti iyeyo ndiye walemera koposa anzake. Ndikawafunsa kuti, "Nanga chasintha nchiyani, popeza sitinaonjezepo kanthu kapena kuchotsapo?" amayamba akhala chete, kufikira wina atakweza mkono nati, "Aphunzitsi, chasintha ndi malo."

Phunziro limeneli ndaliphunzitsa zaka pafupifupi 30, ndipo ndinkayesa kuti ndidalidziwa bwino lomwe. Koma Ambuye adandibweza m'kalasi ndili ndi imvi kale kuti ndiliphunzirenso, ndipo mphunzitsi wake adali mwana wanga wamkazi, mzime wa m'nyumba mwathu. Ndalemba nkhaniyi ndi manyazi ndithu, komabe ndaona kuti mwina ingathandize kholo lina kapena wachinyamata wina amene akuyenda njira imene ndidayenda ine.

Mphunzitsi aliyense amadziwa kuti nyumba ya pasukulu si yake. Tsiku lopuma pa ntchito likafika amapereka makiyi, ndipo amene sadakonzekere amakakhala mtolo kwa abale ake. Chifukwa cha ichi, m'chaka cha 2022 ine ndi mai a kunyumba tidagwirizana zoyamba kumanga kumudzi. Tidaumba njerwa, tidaotcha, tidakumba maziko. Panalibe tchimo lililonse pamenepa, pakuti Mtumwi Paulo yemwe, pa 1 Timoteo 5:8, amadzudzula kolimba munthu wosasamala a pabanja pake. Koma nthawi idali yoipa. M'mwezi wa May chaka chomwecho ndalama yathu idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Mtengo wa simenti umene wamva lero sudali umene ukaupeze mawa. Mumtima mwanga mudalowa mantha akuti ndikachedwa sindidzafolera konse, ndipo manthawo adasanduka changu chimene anthu ankachiyamikira.

Zinthu zidasintha pang'onopang'ono, mosaoneka. Madzulo ndidayamba kuphunzitsa ana apadera kuti ndipezeko ya misomali, choncho mapemphero a pabanja adafupika, kenaka ndidawasiyira mai. Masana a tsiku la Sabata, amene kale ndinkayendera odwala ndi okalamba a m'dera limene ndimayang'anira monga mkulu wa mpingo, ndinkapalasa njinga kukaona pamene amisiri alekezera. Chopereka changa ndidachichepetsa mwakachetechete, ndi kudzilonjeza kuti ndidzabweza nyumba ikatha. Ku tchalitchi sindidajombepo ngakhale kamodzi, ndipo ndinkakhala kutsogolo pa mpando wa akulu a mpingo. Koma abusa akamalalikira, maso anga ankakhala kudenga, kuwerenga malata ndi kuyerekeza kuti kwanga kudzalowa angati.

Tsiku lina madzulo mwana uja ankakonzekera mafunso a m'kalasi la chikhristu, ndipo adandipempha kuti ndimufotokozere lamulo loyamba. Ndidayankha monga mphunzitsi wozolowera, kuti milungu ina si mafano osema okha ayi, koma chinthu chilichonse chimene munthu amayamba kuchiganiza akadzuka, nachiganizanso pomaliza asanagone, chimene zinthu zina zonse zimachipatukira. Iye adalemba m'kope mwake, nakhala chete kanthawi, kenaka adafunsa ndi ulemu wake wonse kuti, "Abambo, ndiye kuti kwathu kuno ndi nyumba ija?" Sadafunse mwachipongwe. Adangotenga tanthauzo limene ndidampatsa naliyesa pa zimene ankaona, monga momwe ndimaphunzitsira ana kuyesa yankho la samu. Mai ake adaweramira pansi osanena kanthu, ndipo kukhala chete kwaoko kudandilasa koposa funso la mwana.

Mau a Hagai

Usiku umenewo tulo tidasowa, ndipo ndidakumbukira buku laling'ono la mneneri Hagai, la machaputala awiri okha. Ayuda adabwerako ku ukapolo wa ku Babulo mfumu Koresi itawalola, cha m'ma 538 Khristu asanabadwe. Adayala maziko a Kachisi ku Yerusalemu ndi chimwemwe, koma adani atawavuta ntchito idaima. Pofika chaka chachiwiri cha mfumu Dariyo, ndicho chaka cha 520 Khristu asanabadwe, padali patapita zaka zoposa 15 mazikowo ali chigonere. Anthuwo sadakane Mulungu, ndipo sadanene kuti Kachisi ngwosafunika. Ankangoti nthawi yake sidakwane. Komatu nthawi yokongoletsa nyumba zao ndi matabwa idapezeka. Mneneriyo adawauza kuti aganizire bwino za mayendedwe ao, popeza ankafesa zambiri nakolola pang'ono, ankadya osakhuta, ndipo malipiro ao ankatha ngati aikidwa m'chikwama chong'ambika pansi.

Chimene chidandigwira mtima ndi mau akuti nthawi sidakwane, chifukwa adali mau anga enieni. Mkhristu wa mumpingo mwathu kawirikawiri sachotsa Mulungu pa moyo wake. Amangomsuntha pang'ono, kuchoka kutsogolo kupita pakati, kuchoka pakati kupita kumapeto, nkumati adzamubwezera pamalo pake ana akatha sukulu, ngongole ikatha, mayeso akadutsa. Manambala onse alipo ndithu pabolodi, koma chiwerengero chake nchina.

M'mawa mwake ndidachita chimene aphunzitsi timachidziwa: ndidalemba malamulo. Mapemphero a pabanja nthawi yakuti, osalankhula za nyumba pa Sabata, osapita kumalo omangira kufikira Lolemba. Malamulowo adakhala masabata atatu. Thupi linkagwada pamphasa, koma mtima unkakhala pa mulu wa mchenga, ndipo ndidayamba kupsa mtima msanga ndi kuona mapemphero ngati msonkho. Nditathedwa nzeru ndidapita kwa abusa ena okalamba, opuma pa ntchito, amene adandibatizira ana anga. Adandimvetsera mpaka nditatha, kenaka adaseka pang'ono nati, "Aphunzitsi, mwasesa m'nyumba koma simunalowetsemo munthu. Mtima sukhala wopanda mwini." Adandikumbutsa fanizo la pa Mateyu 12:43-45, la mzimu woipa umene udabwerera nupeza nyumba yosesedwa koma yopanda wokhalamo. Ndipo popeza amadziwa kuti ndimakonda masamu, adandisimbira mbiri ya mbusa wina wa ku Scotland amene adadwalapo matenda ofanana ndi anga. Pambuyo pake ndidafunafuna mbiriyo ndi kuiwerenga ndekha.

Mbusa amene adakonda masamu

Thomas Chalmers adabadwa m'chaka cha 1780 m'tauni ya asodzi ya Anstruther. Adali mwana wanzeru kwambiri, kotero kuti adalowa yunivesite ya St Andrews akali mnyamata wamng'ono, ndipo kumeneko mtima wake udagwidwa ndi masamu. M'chaka cha 1803 adadzozedwa kukhala mbusa wa mpingo wa kumudzi wotchedwa Kilmany. Ubusawo adaukonda chifukwa udali pafupi ndi yunivesite. Pakati pa sabata ankakhala ku St Andrews kuphunzitsa masamu ndi sayansi, nabwerera kumpingo kumapeto kwa sabata kudzalalikira ulaliki wokonzedwa mofulumira. Chimene ankachilakalaka usana ndi usiku chidali mpando wa uprofesa. M'chaka cha 1805 adalemba kabuku, osaikapo dzina lake, kotsimikiza kuti mbusa angathe kutsiriza ntchito zonse za pampingo m'masiku awiri, natsala ndi masiku asanu ochita maphunziro amene iye akonda.

Tisafulumire kumweruza. Sadali woledzera kapena wachigololo, ndipo sadabe ndalama za mpingo. Chimene adachikonda chidali chinthu chabwino, mphatso yochokera kwa Mulungu yemwe. Ulaliki wake udalinso wa makhalidwe abwino: ankadzudzula kuba, bodza ndi miseche ndi mau amphamvu.

Kenaka imfa idalowa m'banja la kwao. Mbale wake George adamwalira mu 1806, mlongo wake Barbara mu 1808, ndipo mu 1809 iye mwini adadwala kwambiri nakhala miyezi ingapo osatuluka m'chipinda, akuyesa kuti nayenso akupita. Pa mphasa ya matendayo adayamba kuona kufupika kwa moyo. Poyamba adachita monga ndidachitira ine: adadziikira malamulo okhwima, namalemba zolakwa zake tsiku ndi tsiku, koma mtendere sadaupeze. Kumapeto kwa 1810 adawerenga buku la William Wilberforce, yemwe uja adalimbana ndi malonda a akapolo m'nyumba ya malamulo ya ku Britain, ndipo pang'onopang'ono adazindikira kuti munthu sayanjana ndi Mulungu chifukwa cha kuyesetsa kwake, koma polandira Khristu monga mphatso. Anthu a ku Kilmany adadabwa kuona mbusa wao, amene kale ankasowa sabata yonse, tsopano ali pakhomo ndi pakhomo, Baibulo lili m'manja.

Potsazikana ndi mpingowo m'chaka cha 1815 adaulula chinthu chimene kholo lililonse liyenera kuchimva. Adati zaka zonse zimene ankalalikira zodzudzula makhalidwe oipa sadamvepo kuti munthu ndi mmodzi yemwe wasintha. Kusintha kudayamba kuoneka pamene adayamba kulalikira za chikhululukiro ndi chiyanjano cha Mulungu mwa Khristu. Ndipo m'chaka cha 1825, pa Msonkhano Waukulu wa mpingo, pamene ankatsutsa zoti mbusa azigwira maudindo awiri, munthu wina adaimirira nawerenga mau a m'kabuku kopanda dzina kaja pofuna kumchititsa manyazi. Chalmers sadabise. Adavomera kuti adalemba ndi iyeyo, nanena kuti masamu ndi phunziro la kuyeza kukula kwa zinthu, koma iye pa nthawiyo adaiwala kuyeza zinthu ziwiri, ndizo kuchepa kwa moyo uno ndi kutalika kwa muyaya.

Ulaliki wake umene ukuwerengedwabe kufikira lero udachokera pa 1 Yohane 2:15, pamene Mtumwi amachenjeza za kukonda dziko lapansi. Mfundo yake ndi iyi: pali njira ziwiri zoyesera kuchotsa chikondi cha dziko mumtima wa munthu. Yoyamba ndiyo kumuonetsa kuti zinthu za dziko nzachabe, kuti azisiye. Yachiwiri ndiyo kumuonetsa china chokoma koposa, kuti chikondi chatsopano chipitikitse chakale. Njira yoyamba, adatero Chalmers, siigwira ntchito, chifukwa mtima udapangidwa kuti uzigwira kanthu, ndipo ukaulanda chimene wagwira osaupatsa china, umamva ngati waponyedwa m'chipululu. Mnyamata angaleke zosangalatsa za unyamata chifukwa wayamba kukonda ndalama, ndipo wokonda ndalama angazimwaze chifukwa wayamba kufuna ulamuliro, koma palibe amene amangoleka kufuna.

Amai akumudzi adachidziwa kale chimenechi. Mwana wokwawa akagwira mpeni, mai wanzeru salimbana naye, chifukwa mwana amaufumbata kolimba nadzicheka. Amamuonetsa nthochi yakupsa, ndipo kadzanja kamatseguka kokha. Alimi nawonso adziwa kuti munda umene walambulidwa koma osabzalamo kanthu subala chimanga chifukwa choti ngwoyera, umangomeranso tchire. M'buku la Luka muli anthu awiri olemera oyandikana. Wa pa chaputala 18 adasunga malamulo kuyambira ubwana wake, koma atauzidwa kuti agulitse zake adagwidwa ndi chisoni chachikulu. Zakeyu, wa pa chaputala 19, palibe amene adamlamula kupereka kanthu. Yesu adangolowa m'nyumba mwake, ndipo mwini wake adaimirira nagawa theka la chuma chake, nalonjeza kubweza kanayi kwa amene adawanyenga.

Kwa makolo ndi kwa ana athu

Pamenepa ndifuna kulankhula ndi makolo anzanga momasuka. M'nyumba zathu zambiri chikhristu chimafika kwa ana ngati mndandanda wa zoletsa: usamwe mowa, usabetche pa mpira, siya foni, usayende ndi uje. Zoletsazi nzoyenera, ndipo ine sindinena kuti tizileke, pakuti mpanda umateteza mbeu zikadali zanthete. Koma mpanda si mbeu. Mwana amene wamva "usatero" zaka 18, osaonapo bambo kapena mai wake akukondwera mwa Mulungu, akangofika ku koleji kapena kutauni mpanda umagwa, ndipo mkati mumapezeka mulibe chomera. Ana satenga chimene timanena kuti nchoyamba. Amatenga chimene chimatiwalitsa nkhope. Akuluakulu adati make mbuu, mwana mbuu. Mwana wanga adamva ndikutchula Mulungu kambirimbiri, koma mau anga ankakwera ndi chimwemwe pokhapokha ndikamanena za malata.

Inunso achinyamata, musayese kuti kuika Mulungu patsogolo ndiko kupha zofuna zanu zonse ndi kukhala munthu wankhope yakugwa. Kufuna kukhoza mayeso a Fomu 4, kufuna ntchito, kufuna banja, kufuna kuvala bwino, zonsezi nzachibadwa, ndipo adaziika mwa inu ndi Mlengi. Funso ndi la malo. Ndipo malo a chinthu sadziwika pa tsiku la mtendere, amadziwika pamene zinthu ziwiri zakumana pa mlatho wopapatiza, china nkuyenera kupatukira chinzake. Mayeso ali mawa ndipo mnzako wabwera ndi mapepala obedwa: chipatuke nchiti? Ntchito yapezeka koma afuna chiphuphu, kapena afuna thupi lako: chipatuke nchiti? Mnyamata amene umamkonda akuti ukamkana lero akusiya: chipatuke nchiti? Chimene sichipatuka nthawi zonse ndicho mwini mtima wako, kaya umaimba kwaya kaya suimba. Amene afuna kusunga zonse ziwiri pamalo oyamba akumbukire kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Chokondweretsa pa mbiri ya Chalmers nchakuti Mulungu sadamlande masamu ake. Atasamukira ku mpingo wa Tron mumzinda wa Glasgow, adalalikira maulaliki otsatizana onena za nyenyezi ndi ukulu wa thambo, kuonetsa kuti Mulungu wa zolengedwa zosawerengekazo amasamalabe munthu mmodzi wochimwa. Ankalalikira Lachinayi masana, ndipo amalonda ankasiya ntchito zao kudzamvera. Maulalikiwo adasindikizidwa mu 1817. Nzeru yake ya kuwerengera adaigwiritsanso ntchito pa mpingo wa St John's, kumene adapita mu 1819: dera la anthu osauka pafupifupi 10,000 adaligawa m'zigawo 25, chilichonse ndi mkulu wa mpingo ndi dikoni wake, kuti pasakhale banja losayenderedwa. Ngakhale uprofesa umene ankaulirira kale udabwera, mu 1823 ku St Andrews ndi mu 1828 ku Edinburgh, koma udampeza ali munthu wina, ndipo mwa ophunzira ake mudatuluka amishoni monga Alexander Duff amene adapita ku India. Chinthu chimene chidali mbuye woipa chidasanduka wantchito wabwino chitabwerera pamalo pake.

Mtengo wake

Pano ndiyenera kuchenjeza, chifukwa masiku ano pali chiphunzitso chimene chafala pa wailesi ndi m'misonkhano, chakuti ukaika Mulungu patsogolo, makamaka ndi ndalama, Iye adzakubwezera galimoto, nyumba ndi ulendo wa kunja. Amatchula Mateyu 6:33 ngati chiphaso cha kubanki. Koma taganizani bwino, abale. Munthu amene wapereka kwa Mulungu kuti apeze galimoto, choyamba mumtima mwake ndi galimoto, ndipo Mulungu wasanduka njira yopitira kumeneko. Pa ndime imeneyo Ambuye ankalankhula ndi anthu odera nkhawa chakudya ndi chovala, nawatsimikizira kuti Atate adziwa zosowa zao. Sadalonjeze kudzaza nkhokwe ya msiriro.

Mbiri ya mpingo wathu womwe ikutsutsa chiphunzitso chimenechi. M'masiku a Chalmers eni malo olemera a ku Scotland adali ndi mphamvu yosankhira mpingo mbusa, ngakhale akhristu ake atamkana, ndipo makhoti a boma adaima kumbali ya eni malowo. Ambiri adaona kuti pamenepa ufumu wa Khristu pa mpingo wake walandidwa. Pa 18 May 1843, pa Msonkhano Waukulu mumzinda wa Edinburgh, adanyamuka natuluka, ndipo abusa oposa 450 adasaina kalata yosiya malipiro ao, nyumba za abusa ndi matchalitchi. Adayambitsa mpingo wa Free Church of Scotland, ndipo Chalmers, ali ndi zaka 63, adakhala mtsogoleri wake woyamba. Taganizani za mai wa abusa amene adalongedza katundu kutuluka m'nyumba imene adaberekeramo ana ake, osadziwa kumene akagone. Aphunzitsi ambiri amene adatsata mpingo watsopanowo adachotsedwanso ntchito. M'madera ena eni malo adakaniza ngakhale kadziko komangapo tchalitchi, ndipo anthu ankapemphera panja m'chisanu cha dziko limenelo. Akhristu a ku Strontian, atamanidwa malo pamtunda, adapangitsa tchalitchi chachitsulo choyandama, chimene chidakokedwa ndi sitima nkuikidwa pa nyanja ya Loch Sunart mu 1846, ndipo ankapita kukapemphera pa mabwato.

Nkhaniyi ikutikhudza, chifukwa mpingo womwewo wa Free Church ndiwo udatumiza amishoni a Livingstonia amene adafika ku Cape Maclear mu 1875. Mishoni ya Blantyre ya mu 1876 idachokera kwa amene adatsala mu Church of Scotland, ndipo tisaganize kuti onse otsalawo adatsalira malipiro, pakuti ambiri adatsala ndi chikumbumtima choona. Kuno kwathu nthambi ziwirizi zidalumikizana mu 1924 kupanga CCAP, Nkhoma nkulowamo mu 1926, pamene ku Scotland kwenikweniko chiyanjano chachikulu chidadza mu 1929.

Koma pali mbali ina ya mbiriyi imene sindingaibise, ngakhale ili yowawa. Mpingo watsopanowo udafunika ndalama zomangira matchalitchi mazanamazana, ndipo mu 1844 nthumwi zake zidapita ku America kukapempha thandizo. Zina mwa ndalama zimene zidabwera, pafupifupi mapaundi 3,000, zidachokera ku mipingo ya kumwera kumene akhristu ake ankasunga akapolo. Frederick Douglass, amene adathawa ukapolo iye mwini, adayendayenda m'Scotland mu 1846 kudandaulira mpingowo kuti ubweze ndalamazo. Atsogoleri adakana, ndipo Chalmers, yemwe adathandizidwa ndi buku la Wilberforce, adali mmodzi wa amene sadaone chifukwa chodulira ubale ndi mipingo imeneyo. Ndalamazo sizidabwezedwe. Ife amene makolo athu adagwidwa ndi kugulitsidwa kudzera ku Nkhotakota sitingawerenge zimenezi mopepuka. Anthu amene adasiya nyumba zao chifukwa cha Khristu adalephera kusiya ndalama zomangira nyumba ya Khristu. Ntchito ya Mulungu nayo ingathe kukhala pa mpando wa Mulungu, ndipo ife akulu a mpingo, amene timapatsa ulemu wapadera munthu wopereka matumba a simenti osafunsa kumene achokera, tili pafupi ndi dzenje lomwelo. Kusanja zofuna za mtima si ntchito ya tsiku limodzi lotembenuka ayi. Munthu amene adakhoza dzulo angathe kulakwa samu yomweyo lero.

Nsengwa ya mtedza

Abusa okalamba aja sadandipatse malamulo ena. Adandiuza zinthu ziwiri zokha. Choyamba, kuti ndiziwerenga buku la Luka pang'onopang'ono m'mawa uliwonse, osati pofuna mfundo zokalalikira kapena zokaphunzitsa, koma kuti ndingomuyang'ana Yesu kufikira nditamkondanso. Chachiwiri, kuti ndibwerere kwa nkhosa zimene adandipatsa kuyang'anira, pakuti, adatero, "Mwini wakeyo mukampeza kumeneko."

Sabata lotsatira ndidapita kwa gogo wina wamasiye, amene miyendo idaleka kumfikitsa ku tchalitchi. Padali patapita miyezi isanu ndi iwiri ndisadapondepo pakhomo pake. Ndinkayembekeza madandaulo, ndipo ndidakonzeratu zodzikhululukira. Gogoyo adangoti, "Mwabwera, aphunzitsi? Ndimati mwina mukudwala." Kenaka adatuma mdzukulu kuti atulutse nsengwa ya mtedza imene idali pamwamba, yokutidwa bwino ndi chitenje. Adati mtedzawo adaupatula tsiku loyamba kukumba, asadalaweko ndi umodzi womwe, kuti ukhale chopereka chake cha masika, ndipo wakhala akudikira mkulu wa mpingo woti akaupereke. M'miyezi imeneyo m'nyumbamo mudadutsa masiku opanda ndiwo, mdzukulu adandiuza pondiperekeza, koma nsengwayo sadaikhudze. Pamene ankandipatsa, nkhope ya gogoyo idali ngati ya munthu amene akutumiza mphatso kwa mwana wake wokondedwa wa kutali. Ndidamanga nsengwayo pa kaliyala, ndipo njira yonse yobwerera sindidathe kupalasa, ndidangoyenda pansi ndikukankha njinga.

Sindinganene kuti kuyambira tsiku limenelo zonse zidalongosoka. Tidakhala pansi ndi mai ndi kugwirizana kuti malipiro akabwera, gawo la Ambuye lizipatulidwa tisadawerenge za simenti, ndi kuti ana apadera ndiziwaphunzitsa masiku atatu okha pa sabata. Mapemphero a madzulo adabwerera, ndipo tsopano timawerenga mosinthana, mzime uja nayenso ali ndi tsiku lake. Chifukwa cha zimenezi nyumba yachedwa. Tidafolera, koma zipinda ziwiri nzosapaka pulasitala, ndipo mazenera a kumbuyo tidayamba tawatseka ndi njerwa. Mitengo ya zinthu sidatsike chifukwa choti ine ndalapa. Zaka zanga zopumira pa ntchito zikuyandikira, ndipo masiku ena mantha aja amabweranso m'bandakucha.

Mwana uja adalandiridwa kukhala mkhristu wodya Mgonero chaka chathachi. Pa tsikulo ndidali mmodzi wa akulu a mpingo ogawa mkate, ndipo mzere umene adakhala udagwera ine. Malata a tchalitchi chathu alipo 84. Ndidawawerenga kambirimbiri kotero kuti nambalayo sindingaiiwalenso, ndipo nthawi zina pakati pa ulaliki ndimadzidzimuka maso atakwera kale kudenga. Zikatero ndimawatsitsa, ndi kufunafuna pamene abusa afika.